Natalie du Toit ndi ntchito yosambira ndi mwendo umodzi

Nkhani ya Natalie du Toit anthu amakonda kuikamba ngati chozizwitsa: mtsikana anadulidwa mwendo, kenaka anakasambira ku Olympic. Kukamba kotero kumakoma m'makutu, koma sikuthandiza kholo la ku Rosettenville kapena ku Cosmo City lomwe mwana wake wangotuluka m'chipatala ndi ndodo ziwiri. Chozizwitsa munthu sangachitengere. Zomwe anachita mayiyu zili ndi ndondomeko yake. Anadziwa ntchito yomwe mwendo umagwira m'madzi, anadziwa chomwe chinatayika, ndipo anafunafuna mpikisano umene chotayikacho sichimupweteka kwambiri. Zimenezi mphunzitsi aliyense wosamala angaziphunzitse, ndipo mwana wa Mmalawi wokhala kuno ku Joni angaziphunzire.

Anabadwira ku Cape Town pa 29 January 1984. Pofika 1998, ali ndi zaka 14, anali kale m'timu ya South Africa pa masewera a Commonwealth ku Kuala Lumpur. Mfundo imeneyi ambiri amaidumpha, chonsecho ndi yaikulu: ngozi inamupeza ali katswiri kale. Manja ake ankadziwa kugwira madzi, ndipo kudzuka mbandakucha kupita ku dziwe sichinali chachilendo kwa iye. Mu February 2001, akuchokera kokonzekera m'mawa, ali pa njinga yake yamoto kupita kusukulu, galimoto inamuwomba. Madokotala anayesetsa kupulumutsa mwendo wamanzere koma zinakanika, ndipo anaudula pabondo. Anali ndi zaka 17. Patangotha miyezi itatu anabwerera m'madzi, asanayambe n'kuyenda komwe bwinobwino.

Munthu wodulidwa mwendo akalowa m'madzi koyamba, chomudabwitsa si kuchepa kwa liwiro ayi. N'chakuti thupi limakana kugona mowongoka. Mwendo uli ndi mafupa akuluakulu ndi mnofu wambiri, ndiye m'madzi umakonda kumira. Umodzi ukachoka, mbali yodulidwayo imapepuka n'kuyandama, mbali ya mwendo wathunthu n'kumatsikira pansi, thupi n'kumapendekeka lokha. Akayamba kumenya madzi ndi mwendo wotsalawo, mphamvu imachokera mbali imodzi, ndipo amakhota ngati bwato lomwe akulipalasa mbali imodzi yokha. Wokulira ku Nkhotakota kapena ku Mangochi akudziwa kuti wopalasa waluso saonjeza mphamvu kuti bwato liwongoke, amangosintha kagwiridwe ka nkhafi. M'dziwe namonso mankhwala ake si mphamvu.

Choyamba, mwendo wotsalawo usamenye pambali pomwe unkamenya uli ndi unzake. Uyenera kusendera pakati, uzimenya pansi pa mzere wa msana. Kumenyako kukhale kwakung'ono, kochokera m'chiuno, bondo lingopindika pang'ono, phazi lomasuka. Chachiwiri, ntchafu ya mbali yodulidwa isangolendewera. Nayonso iziyenda m'mwamba ndi pansi, ngakhale sikankha madzi ambiri, chifukwa ndiyo imasunga kayendedwe ka chiuno kuti kagwirizane ndi manja. Apa Natalie anali ndi mwayi pang'ono mkati mwa tsoka: kudula pabondo kumasiya ntchafu yonse, ndipo ntchafu yaitali imathandiza kwambiri kuposa kachidutswa kafupi. Chachitatu ndi mutu. Maso ayang'ane pansi pa dziwe. Mutu ukadzuka ngakhale pang'ono, chiuno chimamira, ndipo wa mwendo umodzi alibe mphamvu zokwanira zochikwezeranso.

Cholakwika chomwe chimabwera kawirikawiri n'chakuti thupi limadzipezera lokha njira yachidule. Pofuna kuletsa kukhota kuja, dzanja limodzi limayamba kulowa m'madzi modutsa kutsogolo kwa mutu kupita mbali inayo. Wosambira amaona ngati wawongoka, koma kwenikweni akupita mokhotakhota, ndipo phewa la dzanja limenelo likupsinjika pa kupalasa kulikonse. Pakatha miyezi ingapo amayamba kudandaula kuwawa kutsogolo kwa phewa. Mphunzitsi aime kumapeto kwa mzere, ayang'ane wosambira akubwera molunjika kwa iye: dzanja lililonse lizilowa moyang'anizana ndi phewa lake. Kupumira mbali zonse ziwiri, kamodzi pa kupalasa katatu kalikonse, kumathandiza kuti mbali imodzi isazolowere kuchita ntchito yonse. Snorkel ya kutsogolo, kapaipi kopumira nkhope ili m'madzi, imachotsa kaye nkhawa yopuma kuti mwana aike maganizo pa chiuno. Fin imodzi yaifupi, chipsepse cha labala chovala kuphazi, pa mwendo wotsala imamupatsa liwiro loti amve momwe thupi lowongoka limayendera, koma asaivale nthawi zonse, angaiyese mwendo wake. Pull buoy, choyandama chopana pakati pa ntchafu, imagwirika bwino ngati ntchafu zonse zilipo. Ngati kotsalako n'kwakufupi imapulumuka, ndiye imafunika kumangirira ndi lamba wa labala. Ndipo pali muyeso wosafuna chipangizo chilichonse: kuwerenga kuti wapalasa kangati pa mamita 25. Nambala ikamatsika nthawi ili yomweyo, zinthu zikuyenda. Ikamakwera, ndiye kuti akulimbana ndi madzi.

Chinsinsi chachikulu cha ntchito ya Natalie chagona apa. Pa freestyle, kusambira chafufumimba manja akupalasa mosinthana, mphamvu zambiri zopititsa munthu patsogolo zimachokera m'manja. Wosambira mamita 50 kapena 100 amamenya miyendo kasanu ndi kamodzi manja onse awiri akamazungulira kamodzi, ndipo miyendo imamuonjezera liwiro looneka. Wa mtunda wautali nthawi zambiri amangomenya kawiri, chifukwa minofu ya miyendo imadya mpweya wambiri. Kwa iyeyo ntchito ya miyendo ndi kukweza chiuno ndi kusunga kayendedwe basi. Choncho mtunda ukamatalika, kusiyana kwa wa mwendo umodzi ndi wa miyendo iwiri kumachepa.

Zinaoneka poyera mu 2002 ku Manchester, pa masewera a Commonwealth, patangotha chaka ndi theka chichitikireni ngozi. Anapambana mamita 50 ndi 100 pa mipikisano ya anthu aulumali, ndipo konseko anaphwanya mbiri ya dziko lonse. Koma chomwe chinagwedeza anthu ndi mamita 800, komwe anapikisana ndi a miyendo iwiri n'kufika mu fayinolo ya anthu asanu ndi atatu. Anathera pa nambala 8, ndipo pamapeto pa masewerawo anamupatsa mphotho ya David Dixon, yoperekedwa kwa wochita bwino kuposa onse. Iye ndiye anali woyamba kuilandira. Chaka chotsatira, pa masewera a All-Africa ku Abuja, anatenga golide pa mamita 800 omwewo, akupikisana ndi osalumala.

Komabe dziwe lili ndi makoma, ndipo khoma ndi malo a miyendo. Mamita 800 m'dziwe la mamita 50 amatanthauza kutembenuka ka 15. Mamita 1,500 ndi ka 29. Pakutembenuka kulikonse wa miyendo iwiri amadzikankha ndi mapazi onse n'kuuluka pansi pa madzi, pomwe malamulo amamulola kufika mamita 15 asanatulukire. Wa mwendo umodzi amatsalira pang'ono pa khoma lililonse, ndipo timagawo ta sekondi timeneti tikaunjikana timasanduka mamita angapo. Kutayako kungachepetsedwe, koma sikutha. Phazi liyenera kutera pakati penipeni, moyang'anizana ndi msana, bondo litapindika ngati la munthu wokhala pampando. Likatera pambali, wosambira amachoka pa khoma mopendekeka n'kukagunda chingwe cholekanitsa osambira. Akatembenuka ali pafupi kwambiri, amapindikana n'kutaya nthawi podzitambasula. Akatembenukira patali, phazi limangokhudza ndi zala, kapena kuphonya kumene, ndipo wophonya khoma ayenera kubwerera kukalikhudza, apo ayi achotsedwa pa mpikisano.

Poyambira napo pali ntchito. Osambira a masiku ano amaima phazi limodzi kutsogolo lina kumbuyo, lakumbuyolo litaponda kachipangizo kopendekeka ka pa chodumphira. Wa mwendo umodzi amaika phazi pakati cha kutsogolo, zala zitakola m'mphepete, manja onse atagwira mbali ndi mbali. Vuto ndi kudikira. Woyambitsa akalamula kuti onse akonzeke, aliyense ayenera kukhala duu, ndipo wonyamuka belu lisanalire amachotsedwa, palibe mwayi wachiwiri. Malamulo a osambira aulumali amalola wothandiza kumugwira kuti asagwe, koma osamukankha. Amalolanso kuyamba chokhala pansi kapena kuyambira m'madzi momwemo. Mwana woyamba kumene asachite manyazi kuyambira m'madzi kufikira atatha kuima ndi mwendo umodzi, atawerama, kwa masekondi 20 osagwedezeka.

Natalie anaphonya pang'ono malo a ku Olympic ya Athens mu 2004. Kenaka kunabwera nkhani yoti ku Beijing mu 2008 kudzakhala, koyamba, mpikisano wa makilomita 10 wosambira panyanja kapena pamtsinje. Makilomita 10 opanda khoma ngakhale limodzi. Iye ndi mphunzitsi wake Karoly von Törös analoza kumeneko. Pa 3 May 2008 ku Seville, pa mpikisano wa dziko lonse pomwe khumi oyambirira ankapeza malo ku Olympic, anathera pa nambala 4, masekondi asanu okha kumbuyo kwa Larisa Ilchenko wa ku Russia. Palibe amene anamuchitira chifundo kapena kumupatsa malo apadera. Anawapeza ndi manja ake.

Musaganize kuti kusambira mtunda wotere n'kofewa chifukwa kulibe makoma. Kulibenso zingwe zolekanitsa anthu, kulibe mzere wakuda pansi woti uzitsatira. Osambira amapita ali mulu, zigongono ndi zidendene zikugundana, makamaka pokhota pa zoyandama zosonyeza njira. N'chifukwa chake asanayambe, oyang'anira amaona zikhadabo za aliyense. Kuti usasochere uyenera kudzutsa maso kutsogolo pakapita kupalasa kungapo, ndipo paja tanena kuti mutu ukadzuka chiuno chimamira. Waluso amangotulutsa maso okha, mphuno ndi kamwa zili m'madzi, n'kupumira pambali mwa nthawi zonse. Kusambira kumbuyo kwa mapazi a mnzako kapena pambali pa chiuno chake kumasunga mphamvu, chifukwa madzi amakhala atang'ambidwa kale. Chakumwa amachilandira pa ndodo yaitali yomwe mphunzitsi amatambasula ali pa thandala loyandama: wosambira amatembenuka chagada, kumeza kamodzi kapena kawiri, n'kutaya kapu osaima. M'khwapa ndi m'khosi amapakamo mafuta a Vaseline, kupanda apo maola awiri a kukhulana amasupula khungu. Pamapeto sakhudza khoma, amamenya ndi dzanja bolodi lopachikidwa pamwamba pa madzi. Ndipo mamita omalizawo, pomwe onse amatsegula miyendo, ndi pomwe wa mwendo umodzi amalipiranso. Ayenera kufika pamenepo ali kale kutsogolo.

Ku Beijing, pa 20 August 2008, pa nyanja yokumba ya Shunyi, anathera pa nambala 16, mphindi imodzi ndi masekondi 22 kumbuyo kwa Ilchenko, pa mpikisano wa maola awiri. Ndiye mayi woyamba wodulidwa mwendo kusambira ku Olympic. Ananyamula mbendera ya South Africa potsegulira Olympic, n'kuinyamulanso potsegulira Paralympic, masewera aakulu a anthu aulumali, patapita milungu yochepa, chinthu chomwe palibe anali atachitapo m'chaka chimodzi.

Ku Paralympic mbiri yake ndi iyi: Athens 2004, golide zisanu ndi siliva imodzi. Beijing 2008, golide zisanu. London 2012, golide zitatu ndi siliva imodzi. Zonse pamodzi golide 13. Chofunika kuchiona n'chakuti sanapambane pa freestyle pokha. Anatenganso golide pa mamita 100 a butterfly (manja onse akupalasa nthawi imodzi pamwamba pa madzi) ndi mamita 200 a medley, osakaniza mitundu inayi ya kasambiridwe, momwe muli breaststroke, kusambira ngati chule komwe kumadalira miyendo kuposa kwina kulikonse. Wa mwendo umodzi pa breaststroke mphamvu yake imakankhira pambali, ndiye ayenera kubweza zotayikazo pa magawo atatu enawo. Mu 2010 analandira mphotho ya Laureus ya wamasewera waulumali wopambana pa dziko lonse. Mpikisano wake womaliza unali mamita 100 a freestyle ku London, pomwe Ellie Cole wa ku Australia anamutsogolera. Anasiya ali ndi zaka 28.

Tsopano za magulu, chifukwa apa ndi pomwe makolo ambiri amasokonezeka. Natalie ankasambira mu S9. Chilembo S ndi cha freestyle, backstroke (kusambira chagada) ndi butterfly, SB ndi cha breaststroke, SM ndi cha medley, ndipo munthu mmodzi amatha kukhala ndi manambala osiyana pa zitatuzi. S1 mpaka S10 ndi a ulumali wa m'thupi: nambala ikachepa, ulumali ndi waukulu. S11 mpaka S13 ndi a vuto la maso, S14 ndi a ulumali wa kaganizidwe. Wodulidwa mwendo umodzi pabondo kapena pamwamba pake nthawi zambiri amagwera mu S9, wodulidwa pansi pa bondo mu S10. Achmat Hassiem, yemwe shaki inamudula mwendo ku Muizenberg mu 2006 akuteteza mng'ono wake, anasambira mu S10 n'kutenga bulonzi pa mamita 100 a butterfly ku London. Koma gulu silitsatira dzina la matenda. Mu S9 momwemo mupezamo wa dzanja limodzi, ndi wina wa ziwalo zonse koma mwendo wofooka. Ulumali winanso suoneka ndi maso: Kevin Paul, yemwe anatenga golide pa breaststroke mu SB9 ku Beijing komanso ku Rio mu 2016, anabadwa wopanda mnofu wa pachifuwa mbali imodzi.

Kuika munthu m'gulu kumayamba ndi mapepala. Pamafunika fomu ya matenda yosainidwa ndi dokotala, ma X-ray ndi malipoti a chipatala, zonse zolembedwa m'Chingerezi. Amalawi ambiri timangosunga kabuku ka kuchipatala kolembedwa mothamanga ndi cholembera, nthawi zina kanatsala kumudzi ndi agogo. Kameneko sikakwanira. Kakonzeni lipoti latsopano kuno komweko nthawi ikadalipo. Kenaka akatswiri amamuyeza pabenchi: mphamvu ya minofu, kupindika kwa mfundo, kutalika kwa chiwalo chotsala. Akatero amalowa m'madzi kuti aone momwe amayandamira, amayambira, amatembenukira ndi kusambira mitundu yonse inayi. Pomaliza amamuonerera pa mpikisano weniweni. Mwana wosadziwa kusambira bwino sangayezedwe molondola, ndiye musathamangire. Wina amauza mwana kuti adzionetse wofooka kuti agwere m'gulu losavuta. Limeneli ndi bodza lomwe limagwidwa, popeza oyeza aja amadzamuona akusambira ndi mphamvu zake zonse, ndipo chilango chake ndi kuletsedwa kupikisana. Dziwaninso kuti mwana amene akukula, kapena amene matenda ake amasintha, amayezedwanso, ndipo gulu lake likhoza kusintha. Kuwawa kokha, ngakhale kukule bwanji, sikulowetsa munthu m'gulu lililonse.

Mwendo wopanga sulowa mu mpikisano. Umatsala pambali pa dziwe, pamodzi ndi ndodo ndi njinga ya aulumali.

Pa mipikisano ya kuno, osambira aulumali amakhala ochepa, ndiye amawaika pamodzi a magulu osiyanasiyana. Wopambana samupeza poona amene wayamba kukhudza khoma. Amayerekeza nthawi ya aliyense ndi muyeso wa gulu lake, ndipo mwana wa S6 wofika pomaliza akhoza kuposa wa S10 wofika poyamba. Muuzeni mwana zimenezi mpikisano usanayambe, kuti asagwe ulesi akaona anzake atamusiya.

Za maso ndiyenera kuzikamba mwapadera, chifukwa zikukhudza ana athu achialubino. Ambiri a iwo saona bwino, ndipo dokotala wa maso akawayeza ena amakwanira mu S12 kapena S13. Vuto lawo kuno ndi dzuwa. Johannesburg ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo dzuwa lake limawotcha khungu msanga ngakhale kunja kukuzizira. Mwana wachialubino asambire m'dziwe lofolera, kapena m'mamawa ndi madzulo, atapaka mafuta oteteza ku dzuwa mphindi 20 asanalowe, ndi magalasi osambirira akuda. A S11, omwe saona konse kapena amangoona kuwala, amavala magalasi otsekedwa kotheratu kuti onse afanane, ndipo oyang'anira amawayendera mpikisano ukatha. Kumapeto kulikonse kwa dziwe kumaima munthu ndi ndodo yaitali ya nsonga yofewa, yemwe amamugunda pamutu kapena pamsana kuti adziwe kuti khoma lafika. Wogundayo saloledwa kulankhula kapena kulangiza. Akagunda mochedwa, wosambira amawomba mutu kapena kuthyola zala pa khoma. Akafulumira, amatembenukira patali n'kuphonya. Choncho awiriwa ayenera kukonzekera limodzi masiku onse, pa liwiro la mpikisano, osati kungotola m'bale aliyense tsiku la mpikisano. Hendri Herbst wa South Africa anatenga bulonzi mu S11 ku London mwa njira imeneyi. Osamva alibe gulu ku Paralympic, ali ndi masewera awoawo a Deaflympics, koma Terence Parkin, wosamva wobadwira ku Bulawayo, anatengera South Africa siliva pa mamita 200 a breaststroke ku Olympic ya Sydney mu 2000. Wosamva amayamba poona getsi lophethira m'malo mwa belu, ndipo muyenera kulipempha kwa okonza mpikisano pasadakhale.

Ngozi zambiri sizichitikira m'madzi, zimachitikira pa simenti yonyowa. Wa mwendo umodzi akavula mwendo wopanga amafuna kudumphadumpha kupita ku dziwe. Musamulole. Akaterereka amagwera pomwe panadulidwa paja, ndipo bala likatseguka ndi milungu yambiri kunja kwa madzi. Avulire mwendo pafupi ndi m'mphepete atakhala pansi, kapena afike ndi ndodo zomwe labala wake wapansi sanathe. Asanayambe kusambira n'komwe, bala likhale litapoleratu ndipo dokotala wavomereza. Akatuluka atsuke khungu ndi madzi abwino kuchotsa klorini, alipukute liume gwa, makamaka m'makwinya a chipsera, asanavale sokosi ndi mwendo. Khungu lonyowa likatsekeredwa mkati limafewa, kusupuka, n'kuyamba mafangasi. Amene anavulala msana ndipo samva miyendo ayang'anidwe mapazi ndi maondo tsiku lililonse, chifukwa amakhulika pa khoma osadziwa. Ana a cerebral palsy, ulumali wobwera chifukwa cha kuvulala kwa ubongo, minofu yawo imauma m'madzi ozizira, ndiye mwana amene amasambira bwino m'madzi ofunda akhoza kukanika kutambasula dzanja m'madzi ozizira, anthu n'kumati ndi ulesi. Madzi a mpikisano amakhala pakati pa madigiri 25 ndi 28, ndipo ana otere pophunzira amafuna ofundirapo. Wa khunyu asalowe m'madzi popanda munthu womuyang'anira yekhayo.

Mapewa ndiwo chuma cha wosambira waulumali, ndipo amagwira ntchito kawiri. Mnzake wa miyendo iwiri akatuluka m'dziwe mapewa amapuma. Iyeyu amatuluka n'kugwira ndodo kapena kupalasa njinga kukakwera taxi ku Bree kapena ku Noord. Choncho mtunda uzikwera pang'onopang'ono. Woyamba kumene, kawiri kapena katatu pa sabata, mphindi 30 mpaka 45, n'zokwanira. Asanalowe, mphindi khumi za kukoka labala, chigongono chitamatirira ku nthiti, dzanja likupita kunja, kuti timinofu ta kuseri kwa phewa tilimbe. Ma paddle, timapulasitiki tophwatalala tovala m'manja, adikire kufikira kapalasidwe katawongoka, chifukwa amakulitsa cholakwika chilichonse chomwe chilipo. Phewa likamawawa usiku, kapena pokweza dzanja kupesa tsitsi, aonane ndi a physio msanga. Kupirira pamenepa si kulimba mtima, n'kuononga.

Nyengo ya kuno nayo imalamulira. Madziwe ambiri a khonsolo ndi a pabwalo ndipo amatsekedwa nthawi yozizira, ndiye mwana amene amasambira m'chilimwe chokha amayambiranso chaka chilichonse. Funani dziwe lotenthetsedwa lomwe limatsegula chaka chonse, ndipo musanalipire kalikonse pitani mukaone nokha: pali masitepe angati kuchokera pageti, chimbudzi chimalowa njinga kapena ayi, munthu amatsikira bwanji m'madzi. La Ellis Park ku Doornfontein ndi la mamita 50, muyeso wa mipikisano yaikulu, ndipo mwana wozolowera la mamita 25 ayenera kulilawa mpikisano usanafike, chifukwa khoma lomwe amaliyembekeza pakati kulibe. Miyezi ya mvula, mphezi za Joni zimabwera masana ndi madzulo. Bingu likangomveka, onse atuluke m'dziwe la pabwalo, ndipo adikire mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza. Wa ndodo kapena wa njinga ayambe kutulutsidwa, popeza iyeyo sangathamange.

Njira yolowera mipikisano ndi kalabu. Kalabu ya ku Johannesburg imalembetsa mwana ku Central Gauteng Aquatics, yomwe ili pansi pa Swimming South Africa, ndipo nthawi zake zimayamba kulembedwa mwalamulo. Palinso bungwe la SASAPD, loona masewera a anthu aulumali wa m'thupi ndi wa maso, lomwe limachititsa mipikisano ya dziko lino, ndipo masukulu a ana aulumali monga Hope School ku Westcliff amaidziwa njira imeneyi. Posankha mphunzitsi, musafunse ngati ali ndi chifundo. Funsani ngati adzamuika mwana mu mzere umodzi ndi anzake a liwiro lake, kumuwerengera nthawi, ndi kumudzudzula dzanja likalowa molakwika. Mwana waulumali amene amangoomberedwa m'manja pa chilichonse sapita patali. Wofuna kulawa kusambira kopanda makoma, Midmar Mile ya ku KwaZulu-Natal, yochitika mu February, ndi ya makilomita 1.6 ndipo ili ndi gawo la osambira aulumali.

Mwana akayamba kukwera, nkhani ya mankhwala imalowa. Ana ambiri aulumali amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, ndipo ena mwa iwo ali pa mndandanda woletsedwa pa masewera. Sikuti asiye kumwa. Pali chilolezo chotchedwa TUE chomwe dokotala amathandiza kupempha, ndipo kuno zimenezi amayang'anira ndi a SAIDS. Zitsamba zotumizidwa pa basi kuchokera kumudzi ndi maufa olimbitsa thupi ogula m'misika n'zoopsa kwambiri, chifukwa palibe akudziwa zomwe zili mkati, ndipo zikapezeka m'mkodzo mlandu ndi wa wosambirayo.

Chotsala ndi pasipoti. Kalabu imalandira mwana wa dziko lililonse, koma ku Paralympic munthu amaimira dziko lomwe ndi nzika yake. Mwana wa makolo a ku Malawi amene alibe unzika wa South Africa sangalowe m'timu ya kuno ngakhale nthawi zake zipose onse. Khomo lake ndi Malawi Paralympic Committee, yomwe iyenera kumulembetsa ku World Para Swimming, bungwe la dziko lonse la osambira aulumali, ndi kumupemphera kuyezedwa gulu pa mlingo wa dziko lonse, chifukwa gulu lopatsidwa m'dziko muno limagwira ntchito pa mipikisano ya muno mokha. Malawi inayamba kupita ku Paralympic mu 2016 ku Rio, ndi wothamanga Taonere Banda. Nthawi zoyenereza munthu kupita ku masewera aakulu zimawerengedwa pokhapokha zitapezedwa pa mpikisano wovomerezeka ndi World Para Swimming, wosambira ali kale ndi laisensi ya chaka chimenecho. Choncho kalata yopita ku Malawi ilembedwe mwana akangoyamba kupambana mipikisano ya m'chigawo, pasipoti yake ikhale yosatha, ndipo zotsatira za mpikisano uliwonse zisungidwe mu fayilo imodzi pamodzi ndi malipoti a chipatala aja.